ASILIKALI A KU SALIMA: CHIKHO ADACHILAWA, KOMA PAKHOMO NPOBWEREKA

Wolemba Mtolankhani Wathu wa Zamasewero

SALIMA — Funsani mwana aliyense wotsata mpira kuti timu ya Mafco ndi ya kuti, akuyankhani musanamalize nkufunsa komwe: ya ku Salima. Koma mumufunsenso kuti nanga pakhomo pake ndi pati, muona akukanda m'mutu.

Sikuti mwanayo ndi mbuli ayi. Nkhani yake njozunguza ndithu. Kwa zaka zambiri, a Mafco akati sabata ino tili pakhomo, ndiye kuti anyamata akwera basi, atenga mseu wa M5, adutsa Khombedza, adutsa Benga, adutsa pa boma la Nkhotakota, mpaka kukatsikira ku Dwangwa pa bwalo la Chitowe, pakati pa minda ya nzimbe. Ulendo wopitirira makilomita 150. Ndiye pakhomo pamenepo, abale?

Chonsecho timu imeneyi si yamasewera. Idatengapo chikho cha dziko lonse mchaka cha 2013. Idagwapo ndi nkhwangwa mu 2018 nkudzukanso chitangotha chaka chimodzi. Mu nyengo ya 2023 idafika mu ndime yotsiriza ya zikho ziwiri. Koma mayi wogulitsa usipa pa Kamuzu Road, kaya mnyamata wokazinga tchipisi ku Senga Bay, zambiri mwa izi wakhala akungozimvera pa wailesi, ngati zochitika ku dziko la eni.

Tiyeni tione kumene timuyi yachokera, mphamvu zomwe ili nazo, ndi chimene chikuigwira mwendo. Ndipo inu a geni musafulumire kutsegula tsamba lina poganiza kuti izi nza anyamata a mpira okha. Mukhalemo, chifukwa nkhaniyi ikhudza thumba lanu.

KODI A MAFCO NDI NDANI?

Dzina loti Mafco ndi chidule cha Malawi Armed Forces College, sukulu ya asilikali yomwe ili kunja kwa tauni ya Salima mukamalowera ku nyanja. Akuluakulu amaikumbukira ndi dzina lakale la Kamuzu Military College. Dzinalo lidapita ndi nthawi yake, koma ntchito idakali yomweyo: kusula asilikali. Ambiri mwa anyamata ndi atsikana amene mumawaona atavala yunifomu ku Lilongwe, ku Zomba kaya ku Mzuzu adadutsa kuno, adathamanga pa dzuwa la ku Salima lija loswa mtengo, mpaka mafuta onse a m'thupi adasungunuka.

Timu ya mpira idabadwira mmenemo. Osewera ake ambiri ndi asilikali enieni, a nambala ndi malanki awo. Mwezi ukatha malipiro amabwera kuchokera ku boma, kaya timu yapambana kaya yakwapulidwa. Chimenechi sichaching'ono pa Malawi pano, pomwe tidazolowera kumva kuti osewera a timu yakuti anyanyala kokonzekera chifukwa miyezi itatu yadutsa osalandira kanthu.

Amene mudayamba kale kutsata mpira mukudziwa mmene matimu a makampani amafera. MDC United idatenga ligi mu 1988, ndipo inkaopsa Bullets ndi Wanderers omwe. Mwini thumba atachoka, timu idatsatira. ESCOM United idatenga ligi kawiri konse, koma pa mndandanda wa Super League dzinalo mulibenso. Timu ya asilikali siifa imfa yotero. Itha kutsika, itha kuvutika, koma bola gulu lankhondo lilipo, mpira umagundidwabe.

Mafco ili ndi abale ake atatu odziwika: Kamuzu Barracks ya ku Lilongwe, Moyale Barracks ya ku Mzuzu ndi Red Lions ya ku Zomba. Zaka zina onse anayi akhala ali mu Super League nthawi imodzi. Onjezanipo apolisi a Blue Eagles, muona kuti anthu a yunifomu ali ndi gawo lalikulu mu mpira wathu. Ndipo musawaderere. Tsiku lija la pa 11 January 2010, pamene Flames idaswa Algeria 3-0 ku Luanda dziko lonse nkugona mu mseu ndi chimwemwe, chigoli chachitatu adamwetsa ndi Dave Banda, msilikali amene adasewera ku Red Lions ndi Kamuzu Barracks.

2013: CHAKA CHA ASILIKALI

Tsiku lalikulu kuposa onse m'mbiri ya Mafco lidafika mu 2013. Nthawi imeneyo kudali mpikisano wa Presidential Cup, umene udayamba mu ulamuliro wa Bingu wa Mutharika nkupitirira pamene Mayi Joyce Banda adalowa m'boma. Ubwino wa chikho chimenechi udali woti chinkayambira pansi penipeni, m'maboma, kotero kuti ngakhale katimu ka kumudzi kankalota tsiku lodzakumana ndi akuluakulu.

Pamene anthu ankawerengera Bullets, Wanderers ndi Silver Strikers monga mwa masiku onse, chikho chidakwera galimoto ya asilikali nkulowera ku Salima. Chaka chomwecho abale awo a Kamuzu Barracks adatenga Carlsberg Cup. Silver idatenga ligi, inde, koma Maule ndi Manoma, eni ake a masapota, zikho ziwirizo adangozionera patali.

Kuti mumvetse kukula kwa nkhaniyi, taonani ichi. Chiyambire Super League mu 1986, ligi siidatulukepo mu mizinda iwiri ya Blantyre ndi Lilongwe. Bullets, Wanderers, MDC United, Admarc Tigers ndi ESCOM United onsewo nga ku Blantyre. Silver Strikers, Civo United ndi Kamuzu Barracks nga ku Lilongwe. Basi, mndandanda wathera pomwepo. Mzuzu sidalaweko, Zomba sidalaweko. Tsono chikho cha dziko lonse kukafika ku boma la m'mphepete mwa nyanja ngati Salima sichinthu chochitika chaka ndi chaka. Adzukulu adzafunika kuuzidwa.

Mu 2016 a Kamuzu Barracks, pansi pa mphunzitsi Billy Phambala, adachita zomwe ambiri ankati nzosatheka: adatenga ligi yeniyeniyo, kukhala timu yoyamba ya asilikali kutero. Ku Salima uthenga udamveka bwino lomwe. Ngati mkulu wako wakwera mtengo nkuthyola bango lapamwamba, ndiye kuti mtengowo ngokwereka.

NKHWANGWA YA 2018

Koma mpira ulibe chibale. Patangotha zaka ziwiri, mmalo mokwera mtengo uja, Mafco idapezeka pansi. Nyengo ya 2018 itatha, nkhwangwa idagwera matimu atatu: Nchalo United, Red Lions ndi Mafco. Matimu awiri a asilikali kutuluka chaka chimodzi! Oseka adaseka, ena nkumati asilikali abwerere ku perete, mpira awasiyire eni ake.

Apa mpamene padaonekera ubwino wa timu yosadalira thumba la munthu mmodzi. Timu ya anthu wamba ikatuluka mu Super League, kawirikawiri wothandiza amathawa, osewera abwino amagulidwa ngati tomato wa madzulo, otsala nkubalalika. Ambiri sabwereranso. A Mafco sadabalalike. Adalowa m'ligi ya m'chigawo cha pakati mu 2019, adasewera pa mabwalo a fumbi ndi matimu a m'matauni ang'onoang'ono, nkutenga ligiyo. Nawo a Red Lions adachita chimodzimodzi kummwera, pamene kumpoto kudatuluka Ekwendeni Hammers.

Atangoti tabwerera, kudagwa mliri wa Covid-19. Ligi yomwe imayenera kuyamba mu March 2020 idaimitsidwa, mpira nkudzayamba kumapeto kwa chakacho. Inu a m'misika simufuna kukumbutsidwa za nthawi imeneyo. Koma ligi itayamba, asilikali a ku Salima adakhazikika, ndipo pomatha nyengo ya 2022 adali m'gulu la matimu asanu ndi atatu apamwamba, zomwe zidawapatsa malo mu chikho cha Airtel Top 8 cha chaka chotsatira.

2023: KAWIRI PA KHOMO, KAWIRI KUBWEZEDWA

Nyengo ya 2023 ndi imene masapota a Mafco amaikumbukira mokoma ndi mowawa nthawi imodzi. Timu idayenda bwino mu FDH Bank Cup mpaka kufika mu fainolo pa Bingu National Stadium ku Lilongwe. Kumeneko adakumana ndi FCB Nyasa Big Bullets ya mphunzitsi wa ku Zimbabwe, Kalisto Pasuwa. Tisabise mawu: tsikulo adakwapulidwa, 3-0.

Wina akadataya mtima. Iwo ayi. Adapukuta fumbi nkulowa mu Airtel Top 8, ndipo kumapeto kwa nyengo adapezekanso mu fainolo. Mdani wake? Yemwe uja. Ulendo uno zidavuta mbali zonse, koma chigoli chimodzi chidakwanira: Bullets 1, Mafco 0.

Manyazi palibe pamenepa. Chaka chimenecho Maule adasesa zonse: ligi, FDH Bank Cup, Airtel Top 8 ndi Castel Challenge Cup, zikho zinayi m'nyumba imodzi. Ligiyo idali yachisanu motsatizana kuyambira 2018. Aliyense amene adaima pa njira yawo adaona zakuda, si Mafco yokha. Funso labwino ndi ili: mwa matimu onse a m'dziko muno, kuphatikizapo Manoma ndi Silver a ndalama zawo, ndani adafika mu mafainolo awiri amenewo? Anyamata a ku Salima, amene chaka chonse sadasewereko ligi pamaso pa anthu a kwawo.

Kuchoka pa 3-0 kufika pa 1-0 ndi umboni woti phunziro lidalowa. Tsokonombwe adatha mtunda nkudumpha. Koma chikho sichiperekedwa kwa amene waluza bwino, ndipo mpata wotere subwera chaka chilichonse.

MPHAMVU ZAWO, ZOFOOKA ZAWO

Tsono tsogolo la timuyi likuoneka bwanji? Tiyambe ndi zomwe ali nazo m'manja.

Choyamba ndi nyonga. Munthu amene ntchito yake nkudzuka mbandakucha kukathamanga sangafanane ndi mnyamata wa m'tauni amene dzulo adagona mochedwa ku bala. Matimu ambiri amadziwa kuti ukakumana ndi asilikali, mphindi 20 zomaliza ndiye zoopsa, chifukwa iwe miyendo yalemera pomwe iwo akungoyamba kumene.

Chachiwiri ndi mtendere wa mumtima. Wosewera wa Mafco akathyoka mwendo lero, mawa akadali pa ntchito, ndipo akadzakalamba penshoni ilipo. Tayerekezani ndi akatswiri angati amene tinkawaimbira m'manja pa Kamuzu Stadium, nkudzamva kuti akudwala alibe ngakhale ya panado. Kwa mnyamata waluso wochokera ku banja losauka, kulowa timu ya asilikali nkupeza mpira ndi ntchito pa mbale imodzi.

Chachitatu, timu ili pa sukulu pomwe achinyamata ambiri olowa usilikali amadutsa. Mphunzitsi wa maso akuthwa angathe kuona luso ena asanalione.

Koma walira mvula walira matope. Ntchito yomweyo imene imawadyetsa ndi imenenso imawasokoneza. Msilikali ndi msilikali poyamba, mpira pambuyo. Akaitanidwa ku kosi, amapita. Akasamutsidwa, amanyamula katundu. Dzina lake likatuluka pa ulendo wokasungitsa mtendere kunja, palibe zoti dikirani ligi ithe. Kuyambira 2013 asilikali a Malawi akhala akutumizidwa ku Democratic Republic of Congo, komwe adayamba kugwira ntchito limodzi ndi anzawo a ku Tanzania ndi South Africa pansi pa United Nations, ndipo ena mwa ana athu sadabwerere amoyo. Pamaso pa ntchito yotero, mapointsi atatu nchiyani? Matimu onse a asilikali amalidziwa vuto limeneli: mphunzitsi amamanga timu chaka chino, chaka chamawa msana wake wapita.

China ndi msika wa osewera. Silver Strikers ili ndi Reserve Bank kumbuyo kwake. Bullets ndi Wanderers ali ndi makampani ndi anthu a ndalama. Akaona mnyamata wowala ku Karonga kaya ku Mulanje, amatulutsa cheke basi. Mafco singapikisane nawo pa mtengo. Yake ndi kulera okha, kapena kukopa mnyamata ndi lonjezo la ntchito, ndipo si mnyamata aliyense wofuna kumetedwa mpala nkukagubuduzika m'matope miyezi ingapo.

Pali nkhani inanso imene sitingaibise. Masapota a matimu a anthu wamba akhala akudandaula kuyambira kale kuti asilikali amasewera mpira wa nkhanza, ndipo oyimbira ena amachita nawo mantha. Nthawi zina ndi kulira chabe kwa oluza, nthawi zina mumakhala choonadi. Timu yofuna kukondedwa ndi anthu wamba iyenera kusamala pamenepa kuposa wina aliyense. Yunifomu isalowe m'bwalo.

Kodi timu ya asilikali ingakhale yaikulu zenizeni? Yang'anani kwa anansi. Ku Zambia, Green Buffaloes ndi ya asilikali ndipo ili m'gulu la matimu a mbiri m'dzikomo, pamene Red Arrows ya asilikali a ndege idatenga ligi mu 2022 ndi 2024. Ku Zimbabwe, Black Rhinos idatenga ligi mu 1984 ndi 1987. Ku Rwanda, APR ndiyo yatenga ligi kambiri kuposa onse. Ku Morocco, FAR Rabat idatenga chikho cha akatswiri a Africa yonse mu 1985. Choncho usilikali si chifukwa cholepherera. Chimene chikusowa ku Salima nchina.

PAKHOMO POBWEREKA

Tibwerere ku Chitowe. Tinene mosapsatira kuti anthu a ku Dwangwa sadalakwe kanthu. Adalandira alendo bwino, bwalo lawo la ku kampani ya shuga lidasungira Mafco malo mu Super League, ndipo matimu akuluakulu akhala akutuluka thukuta kumeneko. Ulendo wautali, kutentha, ndi asilikali othamanga ngati akuthamangitsidwa: ambiri adasiyako mapointsi. Pa zimenezi a ku Dwangwa alandire ulemu wawo.

Koma kwanu nkwanu, mthengo mudalaka njoka. Bwalo la Chitowe linalinso pakhomo pa Dwangwa United, timu ya eni dera. Mwana wa ku Dwangwa akamakula, mtima wake umakhala ku timu ya kwawo, kapena ku Maule ndi Manoma monga ana ena onse. Mwana wa ku Salima naye akula osaonapo Mafco ikusewera ligi ndi maso ake. Tsono timuyi masapota ake enieni adzachokera kuti? Chikondi cha mpira chimayamba mwana akakwera pa phewa la bambo ake kuti aone chigoli, osati pa wailesi.

Nchifukwa chiyani sasewera kwawo? Malamulo a FAM amafuna kuti bwalo la Super League likhale ndi mpanda wotchinga kuti anthu alowere pa geti, waya wolekanitsa osewera ndi oonerera, zipinda zosinthira zovala, zimbudzi, ndi kapinga wosamalidwa. Chaka ndi chaka akuluakulu amayendera mabwalo ligi isanayambe, ndipo losakwanira amalitseka. Si zinthu za kumwamba izi. Palibe amene akupempha Bingu National Stadium yachiwiri ya anthu 40,000. Ndi njerwa, simenti, waya ndi madzi othirira udzu, pa boma lomwe lili m'mphepete mwa nyanja yaikulu chonchi.

Tsopano a geni tcherani khutu, tiwerengere limodzi. Mu ligi ya matimu 16, timu iliyonse imasewera masewero 15 pakhomo pa chaka, osawerengera a zikho. Mwa amenewo muli tsiku lobwera Bullets, tsiku lobwera Wanderers, tsiku lobwera Silver. Amene mudagulitsapo kunja kwa Kamuzu Stadium kapena Civo mukudziwa chimene tsiku lotero limatanthauza. Wa kanyenya mbuzi imatha dzuwa lisanapendeke. Wa tchipisi mbatata imaperewera. Mazira owiritsa, mandasi, zitumbuwa, chimanga chootcha, nzimbe, thobwa, madzi ozizira, zonse zimayenda. Wa kaunjika amatulutsa majezi ofiira ndi a buluu amene adasunga pansi pa belo. A kabaza sapuma, a minibasi amachita maulendo awiri pa amodzi, maresitihausi amadzaza, ndipo usiku eni mabala amawerenga ndalama mpaka tambala.

Masiku 15 otere pa chaka, kwa zaka zonsezi, Salima yakhala ikuwapereka kwa ena.

Ndipotu Salima ili ndi mwayi umene maboma ena alibe. Kuchokera ku Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 100 okha pa mseu wa M14. Anthu a mu mzindawo amabwera kale ku Senga Bay Loweruka ndi Lamulungu kudzasamba ndi kudya chambo. Tangoganizani mutawauza kuti mmawa nyanja, masana Mafco ndi Silver, madzulo kubwerera ndi ndowa ya usipa. Ndani angakane? Ulendo wa ku Dwangwa ngwa sapota wouma mutu yekha, koma wa ku Salima munthu angatenge mkazi ndi ana.

Timu nayo imaluza. Ndalama za pa geti zisanafike kwa osewera zimayamba zadulidwa: mwini bwalo atengepo, achitetezo atengepo, mabungwe oyendetsa mpira atengepo. Onjezani mafuta a basi ndi chakudya cha anyamata pa ulendo umene ukutchedwa wa pakhomo. Anzawo akamapuma kunyumba kudikira mlendo, iwo ali pa mseu ngati alendo omwewo.

ANZATHU ADATHA BWANJI?

Sitikunena za ku Ulaya. Ku Karonga adamanga bwalo, ndipo Karonga United ikamasewera tauni yonse imadziwa kuti lero kuli mpira. Ku Dedza adamanga bwalo, ndipo Dedza Dynamos italowa mu Super League mu 2022, anthu adakhamukirako ngati kuli msonkhano wa chipani. Matimu akuluakulu adayamba kuopa ulendo wa ku Dedza, osati chifukwa cha kuzizira kokha, koma chifukwa cha phokoso la eni mudzi.

Ndipo imvani izi, museke kapena mulire. Dedza Dynamos itangolowa mu ligi yaikulu, kampani imene idaithandiza mpaka dzina lake kulowa pa dzina la timu idali Salima Sugar. Eetu, shuga wa ku Salima ankatsekemera ku Dedza, pamene timu ya ku Salima inkasewera pa bwalo la shuga wa ku Dwangwa! Kampaniyo sitingaiimbe mlandu. Wamalonda aliyense amayala katundu wake pomwe pali anthu. Inunso simuyala tomato kuseri kwa manda. Phunziro lake ndi lakuti thandizo la makampani limatsata khamu, ndipo khamu limatsata bwalo.

Wina anganene kuti anthu a ku nyanja mpira alibe nawo chidwi, iwo ndi ngalawa ndi makoka basi. Bodza limenelo. Pitani ku Senga Bay madzulo muone ana akumenya chikulunga pa mchenga opanda nsapato. Mpira wa pa mchenga, umene ena ankauyesa masewera a asodzi, udatengera dziko lino ku mpikisano wa Africa ku Vilankulo m'dziko la Mozambique mu 2022, nkubwerezanso ku Hurghada m'dziko la Egypt mu 2024, ndipo osewera ake ambiri ndi ana a m'maboma a m'mphepete mwa nyanja. Luso lilipo, chidwi chilipo. Mwana amene amatha kuimitsa mpira pa mchenga wotentha, pa kapinga angalephere?

NDANI ACHITEPO KANTHU?

Mutu umodzi susenza denga, tsono tigawane ntchito.

Oyamba ndi a khonsolo pamodzi ndi aphungu. Chiyambire matipate mu 1994 taona zisankho zambiri, ndipo chisankho chilichonse chimabwera ndi mabonanza ake: mipira iwiri, yunifomu ya mtundu wa chipani, kachikho ka pulasitiki, kenako zii mpaka zaka zisanu. Achinyamata atopa nazo. Bwalo lovomerezeka ndi chitukuko chooneka ndi maso, chobweretsa ndalama ku khonsolo yomweyo, ndipo tsiku lopanda mpira lingachititse misonkhano, mapemphero ndi zoimbaimba.

Achiwiri ndi akuluakulu a asilikali. Gulu lankhondo lili ndi mainjiniya ake, lili ndi anthu, lili ndi dzina labwino pakati pa Amalawi. Anthu a m'matauni sadaiwale December 1993, pamene asilikali adalanda zida a Payoniya pa Operation Bwezani, mavenda nkumawaimbira m'manja m'misewu. Chikondi chimenecho ndi mpamba. Koma munthu wamba amaopa geti ya baraki, ndipo ali ndi zifukwa zake. Timu ituluke, ipite kwa anthu. Ikasewere masewero apaubale ku Chipoka, ku Lifuwu, ku Khombedza. Ikhale ndi timu ya achisodzera yotenga ana a asodzi ndi a alimi a mpunga. Ikhale ndi komiti ya masapota momwe muli anthu wamba, amayi a pamsika ndi anyamata a kabaza, osati mabwana a nyenyezi pa phewa okhaokha.

Achitatu ndi makampani ndi mahotela amene akudyera mu Salima. Boma lino lili ndi fakitale ya shuga, ya mango, magetsi a dzuwa, ndi mahotela ondanda m'mbali mwa nyanja. Aliyense ataponyapo thumba la simenti molingana ndi msinkhu wake, mpanda ungatenge zaka zingati?

Omaliza ndinu eni ake a misika. Tsiku lililonse wa khonsolo amabwera ndi kabuku kake kudzadula tikiti, kaya mwagulitsa kaya simudagulitse. Ndalama imeneyo imakupatsani mphamvu yofunsa. Makomiti a misika amadziwa kuyenda gulu kukaonana ndi bwana DC pa nkhani ya zimbudzi ndi zinyalala. Nkhani ya bwalo ilowenso pa mndandanda womwewo, chifukwa si ya mpira wokha, ndi ya makasitomala. Ndipo amene adzabwere kudzapempha voti atanyamula mipira iwiri, mudzamufunse mwaulemu kuti: bwana, mipirayi tikaimenyera pati?

NANGA CHIKHO CHINA CHIDZABWERA?

Pa zikho, inde, nzotheka. Mpikisano wa chipulula umakomera timu ya nyonga ndi mwambo, yodziwa kutseka kumbuyo nkudikira mpata umodzi, ndipo 2013 ndi 2023 ndi mboni. Timu yotere tsiku lake likakwana ingagwetse aliyense.

Ligi ndi nkhani ina. Imafuna masewero 30, osewera okwanira oti wina akapita ku kosi wina alowe osaoneka kusiyana, ndi pakhomo pomwe mlendo amanjenjemera asanatsike basi. A Kamuzu Barracks adaonetsa mu 2016 kuti asilikali angathe, koma iwo ankasewera mu mzinda wawo womwe, akugona pa bedi lawo. Mafco ikapitiriza kukhala mlendo mbali zonse ziwiri, izikhala timu yovutitsa akuluakulu, yofika pafupi, nthawi zina yolimbana ndi nkhwangwa, koma yosakhala pa mpando.

Anyamatawa mbali yawo adachita. Chikho adabweretsa, atagwa adadzuka okha, mafainolo awiri adafika. Zonsezi adachita pa bwalo lobwereka. Ngongole tsopano ili kwa Salima.